Zoyera za m'ketulo: momwe ntchito yoyeza madzi mumsewu wathu ikuyendera

Okutobala, sabata yoyamba

Ketulo yachiwiri yapsa chaka chino. Nditaitembenuza n'kuigogoda pansi, munagwa tizibenthu toyera ngati makoko a mazira, ndipo chitsulo chotenthetsera chija chinali chitakutidwa moti sichinkaonekanso kuti n'chitsulo. Tizibenthuto ndinatikulunga m'kapepala n'kupita nato ku banki m'khonde Loweruka, ndipo za ndalama zinachedwa kuyamba. Aliyense anali ndi lake dandaulo. Wina akuti sopo akutha msanga koma thovu osaoneka. Wina akuti nyemba zikumamaliza makala a mbaula ziwiri zisanafewe. Mayi wina wokonza tsitsi akuti makasitomala akumudandaulira kuti tsitsi likumauma gwa akalitsuka. Agogo a pakona, amene anayamba kukhala mumsewu uno wa mu Lilongwe magetsi asanafike, anadula nkhani: "Ndi mankhwala amenewo, ana inu. Akuthira klorini wambiri. Ine a pampopi ndimangochapira, akumwa ndimatuma mdzukulu kumjigo."

Mawu a agogowa ndi amene andiyambitsa ntchitoyi. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ndikudziwa kuti klorini sasiya zoyera m'ketulo. Koma za m'buku sizingasinthe mtima wa munthu amene anayamba kumwa madzi ine ndisanabadwe. Tagwirizana kuti tiyeze, aliyense aone ndi maso ake.

Nyumba 12 zalola kuti ndizitengako madzi. Madziwo ndi a mitundu inayi: a pampopi, a m'mathanki a pamapuloti a lendi, a kumjigo wa kuseri kwa tchalitchi, ndi a pachitsime cha kudambo kumene anthu amathamangira mipopi ikauma. Zida ndilibe zapamwamba. Achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira kabotolo ka madontho kamene oweta nsomba za m'galasi amayezera madzi, kachipangizo ka mabatire kotchedwa TDS meter koyezera zosungunuka m'madzi, ndi timapiritsi ta DPD toyezera klorini. Kope logulidwa pagolosale ndiye ofesi yathu.

Ndilembe pano chimene tikuyeza, poti dzina lake limasokoneza. Ife timangoti madzi amchere, koma mchere wake si wa m'ndiwo. Kumudzi kwa amayi anga ku Chikwawa kuli mijigo ya madzi amchere weniweni, oti ukalawa umalavula, ndipo ina anthu anaisiya kalekale. Athu ano salawika choncho. Muli calcium ndi magnesium, zimene madzi amasungunula m'miyala, ndipo a sayansi amati hardness. Amawerengera mamiligalamu a calcium carbonate pa lita imodzi. Kagawidwe kofala n'kakuti mpaka 60 ndi madzi ofewa, 61 mpaka 120 ndi apakatikati, 121 mpaka 180 ndi amchere ndithu, ndipo kuposa 180 ndi amchere kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akapitirira pafupifupi 200, m'mapaipi ndi m'ziwiya zotenthetsera mumayamba kuundana zoyera. Zoyerazo n'chimodzimodzi ndi mwala wa laimu.

Okutobala, sabata yachiwiri

Ndisanatsegule kabotolo ka madontho, ndinafuna kuyamba ndi njira yoti aliyense angathe kubwereza kunyumba kwake. Tinatenga mabotolo ofanana a theka la lita, kuthira madzi osafika pakati, n'kumadonthezamo sopo wosungunula. Sopo wake akhale wochapira wamtanda uja, womupala ndi mpeni n'kumusungunula m'madzi ofunda. Waufa sathandiza pano chifukwa anamupanga kuti azichita thovu ngakhale m'madzi amchere. Botolo lililonse madontho ofanana, kukhutchumula kakhumi, kuliika pakhonde n'kuliyang'ana.

Ana ndi amene anaikonda ntchitoyi. Botolo la madzi a pampopi wa nyumba yoyang'anizana nafe linadzaza thovu mpaka kukhosi, madzi a pansi ali mbee, ndipo thovulo linakhalabe mpaka tinamaliza kumwa tiyi. La kumjigo linachita tithovu tochepa timene tinaphwa pompo, madzi n'kusanduka ngati otsukira mpunga, m'mbali mwa botolo mutamatirira zotuwa zonanda. Zotuwazo ndi sopo amene wagwirana ndi calcium. Ndi zomwe zimasiya mzere m'beseni losambira, kuumitsa matawulo, ndi kutsalira m'tsitsi. Sopo woyambayo amathera kulimbana ndi mcherewo, wotsatira ndiye amayamba kuchapa. Mayi wina ataona anangoti, "Ndiye kuti ndalama zanga zakhala zikuthera m'zotuwazi."

Chimene chinandiimitsa mutu ndi botolo la kunyumba kwanga. Madzi ake ndinatunga ndekha pampopi wa kukhitchini, koma linatuluka ngati la kumjigo. Ndinabwereza katatu, ndikuganiza kuti mwina mabotolo asinthana. Ayi ndithu. Msewu umodzi, paipi yaikulu imodzi, nyumba ziwiri zoyang'anizana, madzi osiyana. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Okutobala, sabata yachinayi

Madontho aja atsimikiza zomwe sopo anaonetsa. Kayezedwe kake n'kosavuta: madzi okwana mamililita 5 m'kagalasi, dontho limodzi, kugwedeza, lina, kugwedeza, mpaka madzi asinthe mtundu kuchoka kofiirira kupita kobiriwira. Dontho lililonse likuimira pafupifupi mamiligalamu 18 pa lita. M'nyumba zimene mpopi umachokera pamita mwachindunji, madzi ankasintha pa dontho lachitatu kapena lachinayi. Kumjigo ndi kwathu tinkapyola 10 mtundu usanasinthe. Kabotolo ka oweta nsomba sikangafanane ndi labotale, koma kusiyana kotereku sikufuna labotale.

Ndinaitana apulambala amene amakonza mapaipi mumsewu muno. Anayamba pamita ya pageti, n'kumatsatira paipi ndi khasu, mpaka kuseri kwa nyumba ya eni puloti kumene kuli thanki yapamwamba. Ine zaka zonsezi ndimayesa thankiyo imangosunga madzi a pampopi. Anakumba pang'ono pansi pa nsanja yake n'kundiitana. "Aphunzitsi, tabwerani muone. Iyi ikuchokera kumita. Nanga iyi yakudayi ikuchokera kuti?" Tinaitsatira mpaka pakachipinda kokhoma kumapeto kwa mpanda. M'katimo muli chitsime chobowola ndi makina, chokhala ndi pampu yamagetsi. Eni puloti anabowoletsa chaka chatha ife tili kutchuthi, n'kulumikiza paipi yake ku thanki yomweyo.

Ndinapita kukawaona madzulo, nditatenga mabotolo awiri aja. Sindinapite kukakangana, ndipo iwonso sanabise kanthu. "Aphunzitsi, inetu ndimafuna kukuthandizani. Mipopi ikauma inu simusowa madzi, bilu nayonso yatsika. Ndalakwa pati?" Ndinati, "Bambo, chitsimecho simunalakwe, ndipo tikuthokoza. Vuto ndi kuphatikiza. Ife tikumwa madzi osathiridwa mankhwala tikuganiza kuti ndi othiridwa." Apulambala anawonjezera china chimene ine sindinachiganize. Paipi ya kumita ilibe valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo (non-return valve), ndipo imalowa m'thanki cha pansi. Tsiku limene mupaipi yaikulu mulibe madzi, a m'thanki yathu angathe kubwerera cham'mbuyo n'kukatulukira m'mipopi ya anzathu. Eni puloti anakhala chete kanthawi, kenako anati aganizira.

Titafunsafunsa, tapeza kuti mapuloti ena awiri anachitanso zomwezi, ndipo mayi wokonza tsitsi amagula madzi pa imodzi mwa mathankiwo. Amene amadandaula za sopo ndi nyemba ambiri amachapira ndi kuphikira a kumjigo pofuna kuchepetsa bilu. Madandaulo onse a ku banki m'khonde aja anali oona, koma wolakwiridwa ndi mpopi.

Chifukwa chake chili m'ulendo wa madziwo. Ambiri a m'mipopi ya Lilongwe ndi a mtsinje wa Lilongwe, umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Amasungidwa ku Malingunde m'madamu awiri, Kamuzu Dam yoyamba ya 1966 ndi yachiwiri ya 1989, kenako amatsika ndi mtsinje kudzayeretsedwa ku Area 3. Ndi madzi a mvula amene sanakhalitse m'miyala. A pansi panthaka ndi ena. Mvula ikamalowa m'dothi imatenga mpweya wa carbon dioxide, n'kukhala ndi kaasidi kochepa, ndipo kwa zaka zambiri imanyambita miyala yofumbutuka ya pansipo pang'onopang'ono. Mjigo umatulutsa madzi amene akhala ndi miyala nthawi yaitali, ndiye amabwera atasenza zake za miyalayo.

Novembala, sabata yachiwiri

Kwabwera wogulitsa makina osefera madzi, atamva kuti mumsewu uno anthu akukamba za madzi. Anaimika galimoto pamthunzi wa mango, anthu n'kusonkhana. Anatulutsa kachipangizo ka tizitsulo tinayi, n'kukaviika m'matambula awiri, ina ya madzi athu a pampopi, ina ya madzi osefedwa ndi makina ake. Atalumikiza kumagetsi, sipanathe mphindi ziwiri madzi athu anasanduka ofiira ngati a m'chithaphwi, pamwamba pakuyandama zonyansa. Ake anakhalabe mbee. Amayi anagwira pakamwa. Iye n'kumati, "Izi ndi zimene ana anu akumwa tsiku ndi tsiku."

Zinandipweteka mtima, chifukwa anthu amenewa amavutika kuti apeze ndalama, ndipo ena anayamba kale kufunsa za kulipira pang'onopang'ono. Ndinapempha mwaulemu kuti tibwereze, koma m'madzi ake osefedwawo nditsinemo kamchere ka m'ndiwo. Anakana kaye, anthu anamukakamiza. Madzi ake nawo anafiira chimodzimodzi. Zofiirazo sizichokera m'madzi. Ndi dzimbiri la tizitsulo take tomwe, timene timadyeka magetsi akamadutsa. Madzi alionse okhala ndi timchere amadutsitsa magetsi, pamene osefedwa kwambiri sadutsitsa, ndiye tizitsulo sitidyeka. Ananyamula katundu wake osatsanzika.

Kachipangizo kanga ka TDS nakonso ndakhala ndikukachenjeza anthu. Kamangoyeza mmene madzi akudutsitsira magetsi n'kuyerekeza kuchuluka kwa zosungunuka zonse pamodzi. Sikasiyanitsa calcium ndi mchere wa m'ndiwo, ndipo tizilombo toyambitsa matenda sikationa n'komwe. WHO imati madzi a TDS yosapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo akapyola 1,000 anthu amayamba kuwakana pakamwa. Imeneyo ndi nkhani ya kakomedwe. Madzi a nambala yotsika angathe kukhala ndi kolera, a nambala yokwera n'kukhala opanda vuto. Mnyamata wina wa Fomu 3 amene amandithandiza kulemba m'kope anafunsa kuti nanga tikayezerenji. Ndinamuuza kuti kamatithandiza kudziwa msanga ngati mumpopi mwalowa madzi a pachitsime, poti nambala imalumpha. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Novembala, sabata yachinayi

Sabata ino inali ya zing'onozing'ono za kukhitchini. Ketulo yatsopano ndikuitsuka ndi viniga wosakaniza ndi madzi, kuwiritsa pang'ono n'kusiya usiku wonse, m'mawa zoyera zonse zasungunuka. Mandimu akugwiranso ntchito, ndipo mumsewu muno mitengo yake ilipo. Ukafinyira ndimu pa tizibenthu tija timachita thovu n'kumalira kuti sii, ana amakonda kuonerera. Tayezanso madzi a kumjigo owiritsa n'kuzizira: madontho anatsika ndithu, chifukwa mbali ina ya calcium imatsalira m'poto. Nyemba zoviikidwa usiku m'madzi a pampopi zikupsa msanga kuposa za m'madzi a kumjigo, poti calcium amalimbitsa khungu la nyemba. Soda amafewetsa, inde, koma amawononga vitamini B1, ndiye ine ndasankha kungosintha madzi.

Funso limene labwera kawirikawiri ndi la impso. Anthu akaona za m'ketulo amaganiza kuti m'thupi mukuundananso zomwezo. Thupi siliwiritsa madzi ngati ketulo. WHO sinaike malire a zaumoyo pa hardness chifukwa palibe umboni wokhutiritsa woti imadwalitsa, ndipo calcium ndi magnesium ndi zinthu zimene thupi limafuna, zomwe timapezanso m'usipa ndi m'masamba. Madzi amcherewa akutidyera sopo, makala ndi maketulo. Pamenepa ndinkaganiza kuti ntchito yatha, ndipo ndinatsala pang'ono kutseka kope.

Disembala, sabata yoyamba

Mvula yoyamba yagwa, ndipo timapiritsi ta DPD timene tinangokhala m'kabati tayamba ntchito. Ukaponya kapiritsi m'madzi a klorini, madzi amasanduka apinki, ndipo umayerekeza ndi kakhadi ka mitundu. Muyezo wodziwika ndi woti pampopi pazifika klorini wotsala wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita, ndipo nthawi ya mliri amafuna 0.5. Klorini wotsalayo ndiye mlonda wa madzi panjira, kuchokera koyeretsera mpaka m'kapu. M'nyumba za mpopi wachindunji pinki anaoneka, kwina wowala, kumapeto kwa msewu wofooka. M'mathanki osakaniza aja, kumjigo ndi kuchitsime, madzi anangokhala mbee ngati sitinaponyemo kanthu.

Lachitatu paipi inaphulika kumene akukumba ngalande za msewu, ndipo tinakhala masiku awiri mipopi ili gwa. Madzi atabwera usiku wa Lachisanu, mpopi wa anzathu oyang'anizana nafe unayamba ndi kutsokomola mpweya, kenako unalavula madzi ofiira a mchenga. Ndinatunga botolo loyamba, lina patatha mphindi zisanu, lina patatha kotala la ola. Loyamba linalibe klorini ngakhale pang'ono. Lachitatu linali loyera, pinki atabwerera. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankhira kunja pa kabowo kalikonse. Ikakhala yopanda kanthu, ndi zakunja zimene zimalowa, ndipo mapaipi athu ang'onoang'ono ambiri amadutsa m'ngalande, ena ali pamtunda penipeni atamangidwa ndi mphira wa chubu. Tsono madzi oyamba aja ndi amene aliyense amathamangira kudzaza m'ndowa, poopa kuti aumanso. Tagwirizana kuti oyambawo azipita kuchimbudzi ndi kumaluwa, akumwa tizitunga akayera.

Matope ndi mdani wa klorini, chifukwa amamudya asanagwire ntchito, ndipo tizilombo timabisala m'timibulu take. Poganiza za matopewa ndinakumbukira njinga za makala zimene zimalowa mumzinda mbandakucha kuchokera cha ku Dzalanyama. Nkhalango imeneyi inadulidwa mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015 kuti akailondere. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi kulowa mumtsinje womwe timamwa. Ife tikagula makalawo kuti tiwiritse madzi amene tikuwakayikira, tikuthandiza kudetsa a chaka chamawa. Inenso thumba la makala lili pakhonde panga, ndipo nkhaniyi imandivuta mumtima.

Disembala, sabata yachitatu

Iyi ndi sabata imene yandisintha maganizo pa ntchito yonseyi. Alangizi a zaumoyo a dera lathu atamva zimene tikuchita anatipezera timabotolo toyezera tizilombo. M'kati muli kapepala ka mankhwala. Umathiramo madzi, kutseka, kusiya malo ofunda tsiku limodzi kapena awiri. Madzi akada bii, ndiye kuti muli tizilombo ta mtundu umene umapezeka kawirikawiri m'chimbudzi. Kayezedwe aka sikatchula dzina la matenda, koma kamachenjeza. Muyezo wa madzi akumwa ndi woti mu mamililita 100 musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi.

Alangiziwo anandiuza kuti ndisamangotenga pampopi ndi pamjigo pokha, nditengenso m'ziwiya zimene anthu amamweramo. Tinandandalika timabotolo pawindo la kuchipinda, tili ndi manambala m'malo mwa mayina a nyumba kuti pasakhale wochita manyazi. Ka chitsime cha kudambo kanada usiku womwewo, ndipo palibe anadabwa, poti zimbudzi zokumba zili pamtunda pake penipeni, pamene malangizo amati pazikhala mamita osachepera 30. Madzi saiwala khwawa, ndipo mvula ikagwa zonse za kumtunda zimatsikira komweko. Ta pampopi wachindunji tinakhalabe tachikasu. Ka pamjigo, kotungidwa pakamwa pa mjigo penipeni, nakonso sikanasinthe. Ka thanki yathu kanada tsiku lachiwiri, ndipo mnyamata wa Fomu 3 uja atakwera anapeza chivundikiro chili pambali, m'mphepete muli zitosi za mbalame.

Ta m'ziwiya za m'nyumba ndi timene tinandidetsa nkhawa. Tambiri tinada, kuphatikizapo ta nyumba zimene mpopi wake unali wabwinobwino. Ka nambala 7 kanada kwambiri, ndipo nambala 7 ndi ndowa yanga. Kuyambira mu Okutobala ndakhala ndikutunga akumwa kwa anzathu oyang'anizana nafe, madzi a klorini, n'kumasunga m'ndowa yovundikira. Ndinakhala pansi kukhitchini n'kumayang'ana mmene tsiku limayendera. Mwana wanga wamng'ono anachokera kosewera, anavundukula, anatenga kapu imene inali pansi pa simenti, anaiviika mpaka dzanja lonse kulowa, anamwa, otsala n'kubwezera momwemo. Si iye yekha, tonse timatero. Nditayeza klorini wa m'ndowamo, madzi ogona tsiku limodzi analibe pinki. Klorini amauluka, ndipo wotsala pang'onoyo amatha ndi dzanja loyamba.

Palibe mumsewu uno amene waiwala kolera ya 2022 ndi 2023. Inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, inafalikira m'maboma onse, ndipo inapha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse imene dziko lino linaonapo. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo ndimakumbukira ndili pakhomo, mayunifolomu a ana atasitidwa kale, tikumvera wailesi. Nthawi imeneyo pakhomo lililonse panali ndowa ya kampopi ndi fungo la klorini. Mliri utatha ndowazo zinasanduka zosungira ufa. Miyezi iwiri tathera pa zoyera za m'ketulo chifukwa zimaoneka, pamene ndowa yakumwa ili pakona osaifunsa kanthu.

Agogo a pakona ndinawapititsira timabotolo tiwiri, ka pamjigo ndi ka mumtsuko wawo. Anatiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ndiye mjigo wanga ulibe mlandu?" Ndinati, "Ulibe, agogo. Pa zimenezi madzi ake ndi abwino. Akuipira panjira ndi mumtsuko." Anati mdzukulu amaika masamba pamwamba pa ndowa kuti madzi asatayike poyenda, monga ankachitira iwo ali mtsikana. Za klorini anakanitsitsa. "Fungo limenelo limandibwerera kukhosi, mwana wanga. Mtsuko ndiutsuka, koma mankhwala ayi." Sindinawakakamize.

Januwale, sabata yachiwiri

Eni puloti asiyanitsa mapaipi. Apulambala anagwira masiku awiri, ndipo tsopano nyumba iliyonse ili ndi mpopi wa kukhitchini wochokera kumita, pamene thanki ya chitsime ikupita kubafa, kuchimbudzi ndi pochapira. Alendi tinasonkha theka la ndalama zake, ndipo bilu tizigawana monga kale. Thanki yatsukidwa, chivundikiro chamangidwa ndi waya. Madontho a kukhitchini kwanga abwerera pa 4, ndipo m'ketulo mukadali mowala. Pa mapuloti ena awiri aja, mmodzi walola kuika valavu, winayo sakufuna n'komwe kuti tilowe pageti. Amfumu a dera lathu alonjeza kukalankhula naye.

Ndowa za kampopi zabwerera m'nyumba 9 mwa 12. Kwathu lamulo ndi loti m'ndowa yakumwa simulowa kapu kapena dzanja, ndipo madzi akagona timathira klorini wa WaterGuard motsatira zolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Titabwereza timabotolo tija, nambala 7 inakhalabe yachikasu masiku onse awiri. Chitsime cha kudambo alangizi a zaumoyo auza anthu kuti chikhale chochapira chokha, koma Lachiwiri ndinakumana ndi ana awiri akuchokera komweko ndi zigubu, ndipo atandiuza kuti kwawo mpopi anadula chifukwa cha ngongole ndinasowa chowayankha. Nkhani imeneyi ndaipereka ku banki m'khonde kuti tione ngati nyumba zoterezi zingamatunge kwa ena pa mtengo wochepa.

Agogo asintha pang'ono, mwa njira yawo. Akuwiritsa akumwa pa moto wotsala akaphika nsima, mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, n'kuthira mumtsuko wotsuka. Mdzukulu wawapangira chikho cha mpini wautali chimene chimapachikidwa pamsomali. Dzulo anandiitana kudzandionetsa zoyera zimene zayamba m'poto wawo wowiritsira. "Taona, mwana wanga, ndipo muno simunalowe klorini." Tinaseka tonse, ndinawasiyira mandimu atatu.

Chatsala ndi cha labotale. Mjigo ndi zitsime zobowola zija sitinaziyeze fluoride ndi nitrate, ndipo zimenezi zilibe fungo, mtundu kapena kakomedwe. Ku Nathenje, pafupi pomwepa, madzi a pansi amadziwika ndi fluoride wambiri amene amathimbiriritsa mano a ana, ndipo malire a WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Nitrate amachokera m'zimbudzi ndi feteleza, malire ake ndi 50, ndipo amaopsa kwambiri makanda omwa mkaka wosungunula. Kuwiritsa sikuchotsa ziwirizi, kumangoziwonjezera mphamvu madzi akamaphwera, ndiye agogo ndi zidzukulu zawo zikuwakhudza. Zotsatira tidzaziyerekeza ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards, MS 214 ya madzi akumwa ndi MS 733 ya mijigo ndi zitsime. Ndalama zoyezetsera tasonkha zokwanira zitsime ziwiri, ndiye tiyamba ndi mjigo wa kutchalitchi ndi chitsime cha puloti yathu. Mabotolo atsopano ndagula, ayezi ndapempha kwa mayi wogulitsa mafirizesi, ndipo Lolemba nditunga 6 koloko m'mawa kuti ndikawasiye ndisanalowe m'kalasi.